LOWERUKA NDI LAMULUNGU KU CHITUNGWIZA

Lero ndifuna ticezeko za masiku awiri amene anthu ambiri sawawerengera kwenikweni, ndiwo Loweruka ndi Lamulungu. Munthu akafunsidwa za moyo wace amayamba kuchula nchito imene agwira, malipiro amene alandira ndi ngongole zimene ali nazo, koma sikawirikawiri kumva wina alikufotokoza m'mene amathera masiku ace opuma. Ine ndiganiza kuti pamenepo pagona nkhani yaikuru, makamaka kwa ife okhala m'matauni. Ndipo kuti tisangolankhula za m'malere, nditenga citsanzo ca mzinda umodzi kumene kuli abale athu ambiri olankhula Cinyanja, mzinda wa Chitungwiza.

Kwa inu amene simunafikeko, mzindawu uli kum'mwera ca kum'mawa kwa Harare, mtunda wa makilomita 25 kapena kupitirirapo pang'ono, kutsidya kwa mtsinje wa Manyame umene kale unkalembedwa Hunyani. Dzina lace nlakale, pakuti ndi dzina la malo amene ankakhala mlauli wochuka wa Amashona, wa mzimu wa Chaminuka, amene anaphedwa ndi ankhondo a Lobengula m'caka ca 1883. Koma mzinda weniweniwo ngwa dzulodzuloli. Unapangidwa m'caka ca 1978 pophatikiza malokeshoni atatu, St Mary's, Zengeza ndi Seke, ndipo pa kalembera wa 2022 munapezeka anthu oposa 370,000. Amene anamanga malokeshoni amenewa sanali kufuna mzinda wodziimira paokha ai. Anafuna malo oti anchito akuda azigonako, kutali ndi nyumba za Azungu a mu Salisbury, nadzuka m'mamawa kukagwira nchito, nabwerera dzuwa litalowa. Njanji imene inakambidwa kuyambira zaka za m'ma 1980, yoti izinyamula anthu pakati pa mizinda iwiriyi, sinayalidwe, tsono anthu adalira mabasi ndi timabasi tija amati makombi, ndipo onsewo apanikizana mu mseu wa Seke m'mawa ndi madzulo. Inu a ku Ndirande ndi ku Bangwe, a ku Kawale, a ku Matero ndi ku Kanyama, mudzaona kuti nkhaniyi njanu yomwe, ngakhale mitunda yanu iri yaifupiko.

Taganizani za bambo wokhala ku Seke amene agwira nchito ku mafakitale a ku Harare, kapena mai amene apikula tomato ku msika wa Mbare. Adzuka tambala atangolira kaciwiri, nasamba mumdima, naturuka m'nyumba ana ali m'tulo. Aima pa mzere kudikira kombi, akangana ndi kondakitala za cenji, afika pa nchito ali wotopa kale. Madzulo mzere ndi womwewo, ndipo pofika kunyumba apeza ana ang'ono atagona, nsima itazizira m'mbale. Munthu wotere amaona mzinda wace pa zenera la galimoto, kawiri pa tsiku, ndipo kawiri konseko kuli mdima. Masiku asanu kapena asanu ndi limodzi amatha motero.

Mwina mudzati cimene cionongeka poyamba mwa munthu ameneyu ndi thupi. Ine nditi iai. Cimene ciyamba kuonongeka ndi muyeso wace wa zinthu, ndiko kudziwa cacikuru ndi citi, cacing'ono ndi citi. Mau amodzi okalipa amene kapitao anamnenera Laciwiri amakula m'mutu mwace tsiku ndi tsiku, kufikira afanana ndi phiri la Mulanje, pamene mwana wace amene wayamba kujomba ku sukulu aoneka ngati kanthu kakang'ono koti tidzakaona mawa. Mnansi amene nkhuku zace zinafukula pa dimba asanduka mdani, ndipo amai ace okalamba amene sanawaone miyezi itatu aiwalika. Munthuyo si woipa ai. Cala cimene waciika pafupi ndi diso cimaphimba mudzi wonse, ndipo nchito ndi ulendo wa tsiku ndi tsiku ziri pafupi ndi diso lace. Loweruka ndi Lamulungu ndiyo nthawi yokhayo imene angathe kutsitsa dzanja naona zimene ziri kuseri kwace.

Nzeru yopuma tsiku limodzi sinabwere ndi sitima za pamadzi. Amashona ali ndi tsiku limene amalicha chisi, tsiku loletsa kugwira khasu m'munda, ndipo wolakwira mwambowo ankayankha mlandu kwa mfumu. Mipingo inadza ndi tsiku lace la kupembedza. Pambuyo pace maiko anapangana ku Geneva, m'caka ca 1921, kuti wanchito wa m'fakitale azipuma maora 24 osadukiza pa masiku 7 ali onse, ndipo lamulo la nchito la ku Zimbabwe linena cimodzimodzi. Koma tinene zoona: lamulo limeneli lithandiza amene analembedwa nchito, ndipo ku Chitungwiza oterewa ndi owerengeka. Ambiri adzilemba okha. Wogulitsa kaunjika, wometa tsitsi, woocherera zitseko za citsulo, mai wa pa benci la ndiwo zamasamba, onsewa Loweruka ndilo tsiku lao la phindu, ndipo kuwauza kuti atseke malonda nkuwauza kuti agone ndi njala. Kwa iwowa sindinena kuti pumani Loweruka. Ndingonena kuti munthu amene alibe kapitao womuuza kuti weruka, ayenera kudziuza yekha. Kaya ndi Lamulungu masana, kaya ndi Lolemba m'mawa pamene malonda ali ozizira, pakhale maora amene iye wawapatula, osadikira kuti nthenda ndiyo idzampumitse.

Tsono maora amenewo acite nao ciani? Ndiyamba ndi cinthu cosalira ndarama, ndico kuyenda pansi.

Ndidziwa kuti ena mwa akuru athu alikuseka pakumva ici. Adzati, Mwanawe, kodi ulikutiphunzitsa ife kuyenda? Ndipo akhoza kutero, pakuti makolo a Anyanja ambiri okhala ku Zimbabwe anafika kuno ndi mapazi ao. Anacoka ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza, ena ku Chipata ndi ku Angonia, natsikira ku Tete, naoloka Zambezi pa bwato kusanakhale mlatho, nakwera mtunda wa ku Mutoko, atasenza ufa, kampoto ndi bulangete. Kucokera ku Blantyre kufika ku Harare ndi makilomita ngati 600. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kunayamba malole aja ankawacha Ulere, ndipo pambuyo pace a Mthandizi anayamba kulemba anthu, koma ambiri anali atayenda kale. Ena anabwerera kwao, ena anachona, ndipo zidzukuru zao ndizo ziri ku St Mary's ndi ku Zengeza lero. Koma kuyenda kwao kunali kwa munthu wothamangitsidwa ndi msonkho, maso ali pa njira, mtima uli pa cibalo cimene cimdikira. Kuyenda kumene ndirikunena ine nkwina: nkwa munthu wopanda katundu pamutu, wosacedwa kuli konse, amene angathe kuima pamene wafuna.

Tiyeni tiyende pamodzi m'maganizo, Loweruka m'mawa dzuwa lisanatenthe. Tiyambire ku St Mary's, lokeshoni lakale koposa ena awiriwo, limene linatenga dzina la mishoni ya Anglican imene inali pafupi ndi mtsinje. Nyumba zace nzazing'ono, zina zinaonjezedwa zipinda kumbuyo ndi m'mbali kufikira pabwalo panatsala kanjira kokha. Pa makomo mudzaona agogo alikuothera dzuwa, ndipo mukapereka moni m'Cinyanja musadabwe kumva wina alikuyankha bwino lomwe, nakufunsani kuti kwanu nkuti, ndipo mfunda wanu ndani. Munthu wa pa kombi sangakumane ndi funso limeneli. Potsikira ca ku Manyame mudzaona matanthwe akuru osanjikizana, ndi timinda ta cimanga timene anthu alima pali ponse pamene papezeka dothi, m'mbali mwa mseu, m'madambo, ngakhale pansi pa mawaya a magetsi. M'mwezi wa August ndi September mitengo ija Amashona amati musasa, ya mtundu wa mombo wa kwathu, imaphuka masamba ofiira ngati moto, isanasanduke yobiriwira. Pa malo oyera mudzapeza a mipingo ya Apositoli atakhala pansi m'zobvala zao zoyera, amuna mbali iyi akazi mbali iyo. Kumwamba kudutsa ndege zotsikira pa bwalo lacikuru la ndege la Harare, limene liri pakati pa mizinda iwiriyi. Ndipo ana amene atsagana nanu adzafuna kudziwa kumene zicokera, ndi cifukwa cace sizigwa.

Mudzaonanso zosakondweretsa, ndipo sindifuna kubisa. Mudzaona maenje amene okumba mcenga anasiya m'mphepete mwa mtsinje, amene amadzala madzi nthawi ya dzinja nakhala msampha kwa ana. Mudzaona zinyalala zounjikana pa mphambano, ndi madzi onunkha oturuka m'mipope yophulika alikuyenda m'ngalande. Koma ngakhale ici ciri ndi phindu lace. Amene waona dzenje ndi maso ace adziwa pomuletsa mwana wace kusewera, ndipo pa msonkhano wa kansala alankhula cinthu cimene acidziwa, osati ca m'maluwa.

Mukapitirira kulowa m'Zengeza mungathe kupatukira pa Chitungwiza Arts Centre, pamene osema miyala anayamba kusonkhana m'caka ca 1997. Palibe colipira poima ndi kupenya munthu alikugogoda mwala ndi cizulo, pang'ono pang'ono, kufikira muturuka nkhope ya mai wobereka mwana. Nchito imeneyi imatenga masabata, ndipo wosemayo safulumira. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kucokera apo njira ikufikitsani ku Seke, kumene malo ace achulidwa ndi zilembo, Unit A, Unit B, mpaka kutsogolo, ndi ku masitolo a pa Makoni kumene phokoso la malonda liyambiranso. Pofika pamenepo mwatha maora awiri kapena atatu, ndipo ngati miyendo yakana, kombi yobwerera iripo.

Anzathu a zaumoyo ali ndi mau pa nkhaniyi. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalangiza m'caka ca 2020 kuti munthu wamkuru azigwiritsa nchito thupi lace mphindi 150 kufikira 300 pa sabata, monga kuyenda mwandawala, ndipo ana mphindi 60 pa tsiku. Kutero kumacepetsa ngozi ya nthenda ya kuthamanga kwa mwazi, ya shuga ndi ya mtima, nthenda zimene kale tinkati nza anthu olemera, koma lero zadzaza mizere ya m'zipatala za m'malokeshoni. Wokumba ngalande kapena wosenza matumba sasowa langizo limeneli. Koma kalaliki, woyendetsa galimoto, telala ndi mlonda wa pa cipata akhala pansi tsiku lonse. Ndipo pali cina cimene dokotala sangacipime ndi cipangizo cace. Munthu akamayenda, maganizo amene anali ataunjikana malo amodzi amayamba kuyala. Mau aja a kapitao, pofika pa mtsinje, apezeka kuti anali mau cabe. Kalata imene unafuna kulemba mokwiya usiku, pobwerera waona kuti ingathe kudikira Lolemba, kapena osalembedwa konse.

Tsopano ndifika pa banja, ndipo pano ndipempha abambo kuti acherere khutu, pakuti mau anga mwina sadzawakomera. Zonse ndanenazi nzosabvuta kwa mwamuna. Iye adzuka Loweruka, abvala malaya ocapa, naturuka. Nanga anacapa malayawo ndani, ndipo madzi ace anacokera kuti? Mzinda wa Chitungwiza ulibe damu lacelace. Umagula madzi ku Harare, ndipo kwa zaka zambiri mipope ya m'nyumba yakhala ikuturutsa madzi masiku owerengeka, kwina osaturutsa konse. Anthu a kumeneko sanaiwale kuti mliri wa kolera wa caka ca 2008 unayambira mu mzinda wao m'mwezi wa August, nufalikira dziko lonse, nupha anthu oposa 4,000. Cifukwa ca ici, Loweruka la amai ambiri limayamba usiku, pa mzere wa pa mjigo, ndi zigubu ndi ndowa. Akabwerako acape zobvala za sabata yonse, akolope, aphike, asite mayunifomu a ana. Ngati amaiwo agwiranso nchito ku tauni kapena pa msika, ndiye kuti sabata yao iribe tsiku lopuma ndi limodzi lomwe. Kupuma kwa bambo kwagulidwa ndi msana wa mkazi wace.

Ena adzati ndi mwambo. Koma pa mwambo wa kumudzi, pamene amai anali kumtondo ndi kucitsime, bambo anali kudula mitengo, kufolera nyumba, kumanga nkhokwe ndi kusoka mphasa. M'tauni nchito za bambozo zinatha, za mai zinatsala, ndipo zinaonjezeka. Tsono bambo amene atenga wilibala, naikapo zigubu zinai, napita ku mjigo pamodzi ndi anyamata ace, sanataye ulemu wace ai. Wayenda ulendo wace wa m'mawa, walimbitsa mikono, wamva nkhani za m'dera zimene sizimveka ku nchito, ndipo wapatsa mkazi wace maora awiri akuti nayenso akhale munthu: akaone mbale wace, akaimbe ku kwaya, akaponye mpira wa manja ndi anzace, kapena angogona tulo. Ndipo anyamatawo aona ndi maso cimene sakadacimva ndi makutu.

Ife amene tinaphunzirako za uphunzitsi tidziwa kuti mwana salankhula za kukhosi ukamkhazika pa mpando ndi kumpenyetsetsa m'maso. Ukamfunsa kuti, Sukulu iri bwanji? ayankha kuti, Iri bwino, nkhani nkuthera pomwepo. Koma yendani naye mbali ndi mbali, kapena mpatseni sipanala agwire pamene mulikukonza njinga, ndipo mudzamva zonse: za mnzace womenya, za samu zimene zamkanika, za nsapato imene yayamba kumthina koma anaopa kunena. Mtsikana amene alikusinkhuka ali ndi mafunso amene sangawafunse m'cipinda cimodzi modzaza anthu. Pa njira yopita ku chalichi kapena ku cigayo angathe kuwafunsa kwa amai ace kapena azakhali.

Lamulungu ndilo tsiku loonana ndi akuru. Mpingo umene lero uchedwa CCAP unayamba kusonkhanitsa anchito a ku Nyasaland mu Salisbury m'caka ca 1912, ndipo Sinodi ya Harare inaima payokha m'caka ca 1965. Akatolika, Asilamu ndi ena ali nayo misonkhano yao. Mabungwe othandizana pa maliro, amene makolo anayambitsa kuti mlendo asaikidwe ngati wopanda abale, amakumana pa mapeto a sabata. Gule Wamkuru, amene Amashona amamucha zvigure, aturuka masiku omwewa. Zonsezi ndizo zinasunga anthu athu kuti asamwazike. Koma kusunga cinenero nkobvuta. Ana obadwira ku Chitungwiza alankhula Cishona pa bwalo ndi Cingerezi ku sukulu, ndipo nkoyenera kutero, pakuti kwao nkomweko. Malamulo akuru a dziko la Zimbabwe a caka ca 2013 anaika Cicewa pakati pa zinenero 16 zobvomerezeka. Koma pepala silingaphunzitse mwana kuyankha kuti Wawa, kapena kulandira cinthu ndi manja awiri. Zimenezi aziphunzira pa mkeka wa agogo, Lamulungu masana, mbale ya nsima iri pakati. Kumeneko adzamva kuti iye ndi Phiri, kapena Banda, kapena Mbewe, ndi dzina la mudzi umene agogo a agogo ace anacokera. Mabanja ambiri lero ali ndi wina ku Johannesburg kapena ku London, ndipo lamya ya m'manja yathandiza kuti mwana aone nkhope ya amace pa WhatsApp. Ici ncabwino ndithu. Cimene cindidandaulitsa ndi nyumba imene onse alimo, koma ali yense wawerama pa lamya yace, agogo ali pa ngodya alikulankhula ndi mphaka.

Za masewera sindifunika kukopa munthu, pakuti Chitungwiza ndi mzinda wa mpira. Okumbukira zaka za m'ma 1990 adziwa timu ya Darryn T, imene mphunzitsi wace anali Wieslaw Grabowski wa ku Poland, munthu amene ankatola anyamata m'mabwalo a pfumbi a mu mzindawu nawasula. Mwa iwo munaturuka Norman Mapeza, amene anapita ku Poland, ndipo m'caka ca 1994 anasewerera Galatasaray ya ku Turkey. Munaturukanso Alois Bunjira ndi Stewart Murisa, amene anathandiza CAPS United kutenga ligi m'caka ca 1996. Anyanja a m'dziko muno anyadiranso Moses Chunga wa Dynamos, amene anakasewera ku Belgium, ndi Benjani Mwaruwari wa ku Bulawayo, amene anafika ku Portsmouth ndi ku Manchester City. Onse awiri ndi ana a makolo ocokera ku Malawi. Maina amenewa akoma kuwachula, koma ndicenjeze makolo: mwa anyamata zikwi amene athamangitsa mpira Loweruka, amene adzadya za mpirawo ndi ocepa kwambiri. Mukamtumiza mwana ku bwalo ndi mtima wakuti adzakuguliretu nyumba, mwasandutsa masewera ace nchito, ndipo mwamsenzetsa mtolo umene inu mulikufuna kuutula.

Phindu la mpira kwa ena tonsefe liri pena. M'caka ca 1995, pamene Zimbabwe inalandira masewera a maiko onse a mu Africa, ku Chitungwiza kunamangidwa dziwe lacikuru losambiramo, Aquatic Complex. Patapita zaka dziwelo linaleka kusamalidwa, ndipo malowo anayamba kudziwika ndi magule a usiku ndi misonkhano koposa kusambira. Nzacisoni, ndipo ana a mu mzindawu anayenera kukhala nalo dziwe lao. Koma taonani kuti pa zaka zonsezo mpira wa ana sunaime tsiku ndi limodzi lomwe. Mpira wao ngwa mapepala a pulasitiki omanga ndi zingwe, uja ku Malawi amati cikulunga, ku Zambia cimpombwa, ndipo kuno chikweshe. Magoli ndi miyala iwiri. Woyimbira palibe, ndipo milandu aiweruza okha. Atsikana ajambula phada pa dothi, naponyerana fulaye. Cimene ana amenewa afuna kwa akuru si zambiri: kuti malo oyera asagawidwe onse kukhala mapuloti, ndi kuti tsiku lina atate kapena amai adzaime m'mbali mwa bwalo ndi kuona cigoli cao.

Akuru naonso ali nao mpira wao wa Loweruka ndi Lamulungu, wa matimu a m'dera, m'mene kalaliki, makanika, mphunzitsi ndi lova abvala malaya a mtundu umodzi. Pa bwalo limenelo palibe bwana. Wa mimba yaikuru apuma wefuwefu, anzace namseka, iyenso naseka. Ndipo pamenepo munthu aphunzira cinthu cimene moyo wa m'tauni umatiiwalitsa, ndico kugonja popanda kuonongeka. Mwagoletsedwa zitatu, mwagwirana canza, mwapangana za sabata ya mawa, dziko silinathe. Okalamba amene maondo anakana apeza zomwezo pa bawo kapena nsolo, imene kuno amati tsoro, pansi pa mtengo. Ndipo amene akonda gule asaone ngati ndawaiwala: mzinda uno ndi kwao kwa nyimbo za sungura, ndipo Alick Macheso, amene atate wace anacokera ku Malawi, anachukira konkuno. Wobvina nyimbo zace zitatu motsatizana wakwanitsa mphindi zace za tsiku limenelo.

Koma pali mtundu wina wa masewera umene ubwezera munthu m'goli lomwe analikuthawa. Ndinena za kukhala m'nyumba ya mowa kuyambira masana kufikira usiku, kupenya mpira wa ku England pa kanema, kapepala ka juga kali m'manja. Kupenya mpira si kulakwa; ngakhale ine ndiri nayo timu yanga, ndipo sindiichula pano kuopa kutaya theka la omvera. Koma juga isintha zonse. Amene waikapo ndarama ya ndiwo sapenyanso ukatswiri wa osewera. Mtima uli phaphapha ngati wa munthu wodikira mlandu, ndipo cigoli ca mnyamata wa ku Liverpool amene sadzamdziwa konse cisanduka cifukwa cokalipira ana kunyumba. Masiku ano jugayo yalowa m'lamya, kotero kuti munthu atha kuluza malipiro ace ali gone pa kama. Eni ace a juga anawerengera kale kuti pa mapeto pace opindula ndi iwo, pakuti akadapanda kutero sakadatsegula sitolo. Za mowa ndinena mau amodzi okha: ngati Lolemba m'mawa mudzuka wotopa koposa m'mene munaliri Lacisanu madzulo, ndiye kuti simunapume.

Wina adzafunsa kuti, Nanga zonsezi zikwana bwanji m'masiku awiri, pamene palinso maliro, ukwati, ndi denga lodontha? Sizikwana, ndipo musayese kuzikwanitsa, mungasandutse kupuma kukhala cibalo cina. Sabata ino mwina mwangotunga madzi ndi kupita ku chalichi. Sabata ya mawa mwayenda ndi mwana mmodzi kufika ku mtsinje. Maliro akagwa zonse ziima, monga mwa mwambo wathu, ndipo ulendo wa pansi wopita kusiwa pamodzi ndi anansi uli nao mau ace amene sanenedwa pena.

Lamulungu madzulo, dzuwa likapendeka, mu Chitungwiza mumamveka fungo la makala ndi la simbi yositira. Mayunifomu apacikidwa pa msomali, nsapato zapakidwa polishi, ndarama ya kombi yawerengedwa niikidwa pa thebulo. Ana abwera kucokera ku bwalo miyendo iri mbuu, alikukangana ngati mpira uja unalowa kapena unapita pamwamba pa mwala. Bambo amene anali pomwepo angathe kuweruza mlanduwo, pakuti anaona. M'mamawa tambala adzalira kaciwiri, ndipo mzere wa pa Makoni udzakhala uli pomwepo monga mwa masiku onse.